Ndikulowa Fomu 3, ndipite ku sayansi kapena ku History? Chonde ndithandizeni maganizo

kamtsikana_kaCDSS

Moni akuluakulu ndi anzanga nonse. Ndili ndi nkhani yomwe ikundisowetsa tulo nde ndati ndifunse mwina alipo anadutsamo. Ndalemba JCE chaka chino, zotsatira zatuluka ndakhoza, nde teremu ikubwerayi tikulowa Fomu 3. Sukulu yathu ndi CDSS yoyendera, ndipo ahedi anatiuza tisanatsekere kuti tikamadzatsegulira aliyense abwere atasankha kale mbali yake chifukwa Fomu 3 amaigawa pawiri. Kalasi ina ndi ya sayansi komwe kuli Physics ndi Chemistry, inayo ndi ya History, BK (Bible Knowledge) ndi Social. Zinazi monga English, Chichewa, masamu, Biology, Agriculture ndi Geography timaphunzira tonse.

Ine chomwe ndakhala ndikufuna kuyambira ku pulayimale ndi unamwino, olo u clinical officer, bola ndizidzagwira ntchito kuchipatala. Koma masamu amandivuta, sikuti ndimalephereratu ayi koma ndimangodutsa movutikira, pomwe History ndi BK ndimakhoza bwino kwambiri mwina nkukhala woyamba mkalasi ndisanawerenge nkomwe kwambiri. Anzanga onse amene ndimayenda nawo akuti tiye ku History chifukwa Physics imaononga mapointi, akuti ma Fomu 4 ambiri amene anatenga sayansi pasukulu pathu anabwerako ndi ma 8 ndi ma 9. Komanso labu tilibe, chipinda chomwe chimatchedwa labu ndi momwe amasungiramo mabuku ndi makasu a Agriculture, ndipo mphunzitsi wa Physics ndi Chemistry ndi mmodzi yemweyo sukulu yonse kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4.

Kunyumba nakonso sakugwirizana. Bambo akuti sayansi basi palibe zokambirana, mayi akuti sankha chomwe ukhoze usadzatilipiritse mayeso kawiri ndalama zake zilibe kochokera. Nde funso langa ndi lakuti, kodi munthu angathe kukhala namwino opanda Physics ndi Chemistry, ndi Biology yokha? Nanga chabwino nchiti, kupeza mapointi ochepa ndi History kapena mapointi ambiri koma uli ndi sayansi? Ndithokoza aliyense amene andiyankhe.

SalaWaPhysics

Mwanawe wachita bwino kufunsa pano usanalowe mkalasi, ambiri amadzafunsa funso limeneli atatenga kale satifiketi ya MSCE m'manja. Ine ndimaphunzitsa Physics ndi Chemistry pa CDSS ngati yanuyo, labu nafenso tilibe, nde zomwe ukunenazo ndikuzidziwa bwino.

Ndiyambe ndi funso lako loyamba lija. Ayi, Biology yokha siikwana. Masukulu a unamwino ndi a u clinical officer akamaitana anthu amatchula ma sabujekiti amene akufuna, ndipo nthawi zonse umapezamo English, masamu, Biology, kenako Physics kapena Chemistry, ena amafuna zonse ziwiri. Ukapanda kukhala nazo fomu yako siiwerengedwa nkomwe olo utakhala ndi ma 1 okhaokha mu History ndi BK. Apa ndi pomwe anzakowo akulakwitsa, akungowerenga mapointi basi osaona kuti pulogalamu iliyonse ili ndi zofuna zake.

Ndikufotokozere mmene MSCE imayendera chifukwa ana ambiri a Fomu 2 sanauzidwepo bwinobwino. MANEB, bungwe lolembetsa mayeso, imapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9. 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass chabe, 9 walephera. Mapointi amawerengera ma sabujekiti 6 amene wakhoza bwino kuposa ena, nde amene wapeza 1 monsemo ali ndi mapointi 6, ndiwo amatchulidwa pa wailesi aja. Kuti ulowe ku yunivesite ya boma ukufunika ma credit 6 ndipo English ikhale pomwepo. Kusankha kumachitika kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite ndi m'makoleji, ndipo mayunivesite a boma alipo 6, UNIMA ku Zomba, MUBAS yomwe kale timati Poly ku Blantyre, KUHeS yomwe inaphatikiza College of Medicine ndi koleji ya anamwino ya KCN, LUANAR ku Bunda, MZUNI ku Mzuzu ndi MUST ku Thyolo. Tsono yang'ana mayina amenewo bwinobwino. KUHeS ndi zaumoyo, MUST ndi sayansi kwambiri, MUBAS mbali yaikulu ndi engineering, LUANAR ndi zaulimi zomwe zimafuna Biology, masamu ndi Chemistry kapena Physics. Mwana amene wasiya Physics ndi Chemistry ali Fomu 3 wadzitsekera yekha mapulogalamu ambiri m'masukulu amenewa asanayese nkomwe, ndipo ana ambiri amathawira komweko ku History nde malo ochepa amene atsalawo mpikisano wake ndi woopsa.

Za masamu usadziweruze msanga. Masamu amene Physics ya MSCE imafuna si ochuluka, ndi kusintha subject ya formula, kujambula ndi kuwerenga graph, standard form, ma ratio ndi ma unit. Mwana amene amalephera Physics kawirikawiri nkhani waimva koma akafika pa formula ya zamagetsi ya V = IR atamufunsa R sadziwa kuti agawe chiti ndi chiti. Zimenezi zimakonzeka pa holide imodzi ngati ukhala pansi tsiku lililonse ndi buku la masamu. Ku Chemistry chimene chimagwetsa ana ndi ma mole ndi kubalansa ma equation, ndipo zimabwera mu Fomu 3 momwemo, ukajomba masabata amenewo Fomu 4 yonse uzingokopera notsi osamva kanthu.

Za labu ndi zoona zimapweteka, chifukwa pa MSCE pali pepala la pulakitiko ku Physics, Chemistry, Biology ndi Agriculture. Koma zambiri timapanga ndi zomwe zilipo. Pendulum ndi ulusi ndi mwala, nthawi tikuwerengera pa foni. Ma circuit timapanga ndi mabatire a wailesi, mawaya ndi timababu ta tochi. Za acid ndi base timagwiritsa ntchito madzi a mandimu ndi chidulo chomwe amayi ako amatcheza kuphulusa pophika thelele, chidulo chija ndi base weniweni, indicator timafinya ku maluwa ofiira. Chimene sichitheka popanda zida ndi monga titration, pamafunika burette ndi pipette zenizeni ndipo mwana amene akuzigwira koyamba tsiku la mayeso manja amanjenjemera. Apa mukambirane ndi a sala anuwo kuti akupititseni kusukulu ya mu cluster yanu yomwe ili ndi labu, olo kawiri pa teremu, masukulu ambiri amalola ahedi akapempha. Mukakhala ana ofuna zinthu mphunzitsi amalimba mtima, ine ana akandipeza okha Loweruka kuti sala tiphunzitseni sindikana.

Maganizo anga ndi akuti ngati mtima wako uli kuchipatala pita ku sayansi. 5 kapena 6 mu Chemistry akhoza kukulowetsa ku unamwino, 1 mu History sangakulowetse.

WakuChanco

A sala anena zoona pa nkhani ya unamwino, pamenepo sinditsutsa. Koma ndikufuna ndiyikepo mbali inayo chifukwa m'masukulu mwathu muli kachizolowezi koipa kakuti kalasi ya History ndi ya ana ofooka, aphunzitsi ena amachita kunena pa asembule kuti anzeru ku sayansi otsala uko. Zimenezi zimandiwawa kwambiri chifukwa zimaononga ana mbali zonse ziwiri, wina amakakamira Physics chifukwa choopa kuoneka mbuli nkudzatuluka ndi 9, wina amapita ku History ali ndi maganizo akuti ndine olephera kale nde sawerenganso.

Ine ndinatenga History, Geography, Social ndi BK, pano ndili ku Chanco, UNIMA ya ku Zomba ija, ndikupanga za social science ndipo sindidandaula. Amene ali mbali imeneyi njira zilipo, education ya humanities ndi ya zilankhulo, social science, public administration, za utolankhani ndi communication, komanso Law. Koma za Law anthu ambiri sadziwa, ku UNIMA sulowa Law kuchokera ku MSCE mwachindunji, umayamba wasankhidwa kaye ku pulogalamu ina nkuphunzira chaka, ukakhoza bwino nde umafunsira nkulemba mayeso olowera. Nde amene akuti ndikufuna u loya ayambe waganiza kuti alowera khomo liti.

Chimene ndikufuna ndikuuze iwe mchemwali ndi ichi, dzifunse bwinobwino kuti unamwinowo ukuufunadi kapena ndi ntchito yokhayo yomwe unaionapo mzimayi akugwira kwanuko. Sindikunyoza ayi, ambirife kumudzi ntchito zomwe timaziona ndi uphunzitsi, unamwino ndi upolisi basi, nde ukafunsa kalasi yonse atsikana onse amati namwino anyamata onse dokotala kapena msilikali. Munthu amene amakhala woyamba mu History osawerenga kwambiri ali ndi mphatso, amatha kusunga nkhani, kuilongosola ndi kulemba essay yomveka, ndipo mphatso imeneyo ku yunivesite ndi yamtengo wapatali, pali anzathu anabwera ndi mapointi abwino koma kulemba peji imodzi yomveka kumawavuta. Usaitaye chifukwa choti anthu amailemekeza pang'ono.

Koma ndisakunamize, mbali yathu ino kuti usankhidwe ukufunika mapointi otsika kwambiri chifukwa ofunsira ndi ambiri, ndipo masamu suwathawa ndithu, mapulogalamu ngati economics ndi za bizinesi amafuna credit ya masamu. Ndipo ntchito ukamaliza sizibwera msanga, ndikuwadziwa amene anamaliza digiri akuphunzitsa pa pulaiveti kudikira kuti boma litsatse malo. Nde ngati ukupita ku History upite chifukwa ukuikonda ndipo waona komwe ikukufikitsa, osati chifukwa anzako akupita konko. Anzakowo pakutha pa Fomu 4 aliyense adzalowera kwake.

Funso kwa a sala, kodi sizingatheke mwanayu kukhala kalasi ya sayansi koma nkulembetsa History payekha ku MANEB? Kusukulu kwathu ena ankatero.

NamwinoWausiku

Mwana wanga, ine ndine namwino komanso mzamba, ndinaphunzira pa koleji ina ya mishoni ya pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, zaka zitatu, kenako ndinalemba mayeso a Nurses and Midwives Council nde nkuyamba ntchito. Ndinachokeranso pa CDSS yopanda labu nde usaganize kuti aliyense wovala yunifomu yoyera anadutsa ku national secondary.

Njira zolowera kuchipatala zilipo zingapo, sikuti ndi KUHeS yokha. Digiri ya unamwino ili ku KUHeS ndi ku MZUNI, kumeneko nde mpikisano ndi waukulu amatenga okhoza kwambiri. Koma palinso makoleji a CHAM monga Nkhoma, Ekwendeni, St John's ku Mzuzu, St Luke's ku Malosa, Mulanje Mission, Holy Family ku Phalombe, Trinity ku Nsanje, St Joseph's ku Nguludi ndi Malamulo ku Thyolo. Palinso Malawi College of Health Sciences yomwe ili ndi makampasi ku Lilongwe, Blantyre ndi Zomba, ma clinical officer ambiri amene ukuwaona m'zipatala za m'maboma anadutsa kumeneko. Ukayamba ndi dipuloma ukhoza kugwira ntchito zaka zingapo nkudzapita kukawonjezera mpaka digiri, anzanga ambiri atero. Koma konseko akamatsatsa malo mu nyuzipepala mzere woyamba ndi omwewo, English, masamu, Biology ndi Physics kapena Chemistry. Ndikupempha upeze nyuzipepala yakale yomwe muli chidziwitso chotere, kapena upemphe wina akuonetse pa intaneti, uwerenge wekha ndi maso ako, uwaonetsenso mayi ako.

Ndipo sikuti amangofuna masamu ndi Chemistry kuti avutitse anthu. Pa wodi masamu ndi tsiku lililonse. Adokotala alemba kuti mwana alandire 250 mg, botolo lalembedwa 125 mg pa 5 ml iliyonse, uyenera kudziwa pompo kuti umupatsa 10 ml, ndipo nthawi zambiri ndi 2 koloko usiku uli wekha odwala ali mbwee wina akubuula uko. Mankhwala a ana timawerengera ndi kulemera kwa mwanayo, dilipi timawerengera madontho pa mphindi. Ukaphonya pamenepo ndi moyo wa munthu. Si masamu ovuta, ndi ma ratio omwe a sala akunenawo, koma uyenera kuwazolowera mpaka asamakuopse.

Koma ndigwirizanenso ndi wa ku Chanco uja pa chinthu chimodzi, uyambe waiona ntchitoyi. Anthu amaona yunifomu, saona magazi, masanzi, mabala onunkha, kugona kuntchito pa Khirisimasi anzako ali kunyumba, kulandira mayi wochira mwana atamwalira nkumuuza iweyo. Pali masiku amene umakhala namwino mmodzi wodi yonse, mankhwala ena palibe, abale a odwala akukukalipira iweyo ngati ndiwe wabisa. Ine ntchitoyi ndimaikonda ndi mtima wonse ndipo mwana akabadwa nkulira m'manja mwanga kutopa konse kumatha, koma ndaona ena amene analowa chifukwa makolo anawauza kuti ntchito yake siisowa, amakhala okwiya tsiku lililonse ndipo amene amavutika ndi odwala. Ndipo zoti ntchito siisowa nazonso si zoona kwenikweni masiku ano, ena amamaliza nkukhala nthawi akudikira kulembedwa.

Pita pa health centre yapafupi ndi kwanu ukapemphe kucheza ndi anamwino kapena a clinical officer, olo alangizi a zaumoyo amene amabwera kusikelo aja, uwafunse mmene tsiku lawo limayendera. Ukabwerako mtima ukadali pomwepo, tenga sayansi osayang'ananso kumbuyo.

WaMagetsi

Ine ndingowonjezera pang'ono chifukwa aliyense akukamba za yunivesite ndi koleji ya unamwino ngati njira ndi zomwezo. Ine ndinapita ku technical kudzera ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndinapanga electrical installation, pano ndimadzilemba ndekha ntchito, ma wiring a nyumba ndi ma sola. Makoleji ake ndi monga Soche, Lilongwe, Mzuzu, Salima, Nasawa, Namitete ndi Livingstonia, kuphatikizapo ma community technical college amene ali m'maboma. Kuli zamagetsi, zamagalimoto, plumbing, kuwotcherera, zomangamanga, ukalipentala, kusoka ndi zina.

Chomwe ndikunenera izi ndi chakuti Physics siitayika. Olo zitavuta osafika ku unamwino, munthu amene anaphunzira Physics akalowa ku zamagetsi kapena zamagalimoto amakhala ali patsogolo, zomwe tinkaphunzira chaka choyamba za current, voltage, series ndi parallel ndi zomwezo za Fomu 3 ndi 4. Amene anachokera ku History ankavutika miyezi yoyambirira, ankafika ndithu koma movutikira. Ndipo atsikana alipo mu ntchito zimenezi, mkalasi mwathu analimo ndipo mmodzi ankatiposa tonse pa pulakitiko, makasitomala ena amachita kufuna mzimayi kuti ndi amene awagwirire ntchito m'nyumba chifukwa amakhulupirika. Nde mlongo wanga usaope sayansi, kumbuyo kwake kuli njira zambiri zodyera.

kamtsikana_kaCDSS

Zikomo kwambiri nonse, sindimayembekezera kuti mundiyankha motalika chonchi. Ndawawerengera mayi zomwe alemba anamwino aja, poyamba anangoti zii kenako akuti nde ngati Biology yokha siikwana bwanji kusukulu sanakuuzeni. Zoona sanatiuzepo, anangoti sankhani.

A WakuChanco funso lanu landigwira mtima, ndaganiza usiku onse. Koma ndikuona kuti unamwino ndimaufunadi, agogo anga atagonekedwa ndine ndinkawadikirira pamodzi ndi azakhali ndipo sindinkanyansidwa ndi chilichonse, ndinkachita kuwafunsa anamwino kuti ichi mukupangiranji. Koma History nayonso ndikuimva chisoni kuisiya.

A sala ndili ndi mafunso ena awiri. Ngati nditalowa ku sayansi nkuona kuti zikukanika ndithu, ndingathe kusintha pakati pa Fomu 3? Komanso anzanga akuti pa MSCE ndi bwino kulembetsa ma sabujekiti 6 okha kuti uziwerenga zochepa poti amawerengera 6 omwewo, kodi ndi zoona?

SalaWaPhysics

Za 6 okhazo usayerekeze. Ukalembetsa 6 ndiye kuti onsewo akuyenera kukhala credit kuti uganizire za yunivesite, limodzi likangoterereka kufika pa 7, mwina unadwala malungo tsiku la pepala limenelo, basi chaka chonse chapita. Ana anga ndimawauza kuti 8 ndi abwino, pamakhala awiri okugwira ukatsetsereka. Kupitirira 9 nakonso ndi kudzibalalitsa, nthawi yowerenga siikwana makamaka iwe oyendera amene ukafika kunyumba kuli kutunga madzi ndi kuphika.

Za kusintha zimatengera ahedi anu, koma mwa zomwe ndaona kuchoka ku sayansi kupita ku History mu teremu yoyamba kapena yachiwiri ya Fomu 3 kumatheka, mwana wokonda kuwerenga ngati iwe akhoza kubwereka notsi nkuwapeza anzake. Kuchoka ku History kubwera ku Physics ndi Chemistry pakati pa chaka nde kovuta kwambiri chifukwa mitu yake imamangana, ukaphonya ma mole zotsatira zonse sizimveka. Nde ngati ukukayika yambira ku sayansi, kubwerera nkosavuta kusiyana ndi kupita. Kulembetsa mayeso ku MANEB kumachitika uli Fomu 4, nde uli ndi chaka chathunthu chodziyesa, koma udziyese moona mtima osati teremu imodzi yojombajomba nkumati zakanika.

Funso la wa ku Chanco lija, inde zimatheka m'masukulu ena ngati ahedi ndi mphunzitsi wa History avomera, mwana amakhala kalasi ya sayansi History nkumawerenga payekha, kulemba nawo mayeso a teremu ndi mock. Kwa mwana uyu ndikuona kuti ndi nzeru yabwino chifukwa History ikhoza kumupatsa 1 kapena 2 nkutsitsa mapointi ake, uku sayansi ikumutsegulira khomo. Koma akafunse msanga sabata yoyamba, timetable isanakhazikike.

Chomaliza chomwe palibe wachitsindika mokwanira, English. Ukalephera English satifiketi ya MSCE palibe olo utakhoza zina zonse, ndipo opanda credit ya English ku yunivesite kapena ku unamwino sulowa. Ana a sayansi ambiri amaitaya English nkumangokhalira ma calculation, mabuku a literature osawerenga kudikira kuti mnzawo awafotokozere nkhani yake. Chaka chilichonse ndimaona mwana wa 3 mu Physics ali ndi 7 mu English akulira pa ofesi ya ahedi.

MayiWaAnaAnayi

Ine si mphunzitsi koma ndine kholo, ana anga awiri adutsa Fomu 4 nde ndikufuna ndiyankhule ngati mayi ako. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, iwe wafunsa wachita bwino mwanangu.

Mayi ako usawaone ngati sakukufunira zabwino. Akamati usadzatilipiritse kawiri akuwerengera matumba a chimanga amene adzagulitse, fizi ya mayeso, yunifomu, mabuku, mwinanso ya open ngati utabwereza, ndipo kumbuyo kwako mwina kuli azing'ono ako akudikira. Bambo akonso akamati sayansi basi akuona patali koma mwina sakudziwa kuti masamu akukuvuta chifukwa ana ambiri lipoti amangoonetsa mayi. Khalani pansi atatu, uwaonetse magiredi ako onse osabisa, uwauze kuti ndasankha sayansi koma kuti zitheke ndikufunika izi ndi izi. Pempha zinthu zenizeni, ka nyale ka sola kowerengera usiku, calculator yako yako osati yobwereka chifukwa ya scientific ija umayenera kuizolowera mabatani ake, ndi nthawi. Nthawiyo ndiye yaikulu, mwana wamkazi akaweruka ntchito zonse zapakhomo zimamudikira pomwe mlongo wake ali ku mpira kapena ali ndi buku. Ine kwanga ndinachita kugawa ntchito mofanana mtsikana wanga atalowa Fomu 3, apongozi anadandaula koma ndinalimba.

Za ndalama za ku koleji musayambe kuda nazo nkhawa pano mpaka kusiya sayansi. Ku yunivesite kuli Loans Board yomwe imabwereketsa ana ovutika nkudzabweza akayamba ntchito, sikuti aliyense amapeza koma ilipo. Palinso ma TTC ophunzitsa aphunzitsi a pulayimale zaka ziwiri, nakonso amayang'ana English, masamu ndi sayansi, mwana wanga wamkulu anadutsa kumeneko. Nde ukuona kuti kulikonse masamu akukutsatira, kuli bwino ulimbane nawo pano.

Ndipo anzako akuti tiye ku History aja usadane nawo, koma upeze anzako ena awiri kapena atatu a kalasi ya sayansi amene ali ndi cholinga, muzikumana masana kuthetsa ma past paper. Ndikutinso masana, ndipo pamalo poonekera, sitadi ya usiku kunyumba za anthu yabweza atsikana ambiri m'mudzi mwathu muno.

kamtsikana_kaCDSS

Zikomo amayi, ndamva zonse. Takambirana dzulo madzulo ndi bambo ndi mayi, ndikulowa kalasi ya sayansi ndipo tsiku lotsegulira bambo apita nane kwa ahedi kukapempha za History ija. Calculator akuti agula akagulitsa mtedza. Buku la masamu ndabwereka kale kwa mnzanga ndayamba ndi za kusintha subject ya formula zija.

Anamwino, ku health centre kuja ndipite tsiku lanji, ndipo ndikanene kuti chani pofika? Ndikuopa kuti akandibweza kuti sindikudwala.

NamwinoWausiku

Usapite m'mawa, ndipo upewe Lolemba ndi tsiku la sikelo chifukwa mzere umakhala wautali palibe angakupatse mpata. Pita chakumasana cha m'ma 2 kapena 3 koloko anthu atachepa, uvale yunifomu ya sukulu ngati ungathe, ukafunse a in-charge. Ukawauze dzina lako, sukulu yako, ndi kuti ukufuna kudzakhala namwino nde ukupempha mphindi zochepa kuti akuuze za ntchito yawo ndi komwe anaphunzira. Mu wodi kapena ku matenite sakakulowetsa chifukwa odwala ali ndi chinsinsi chawo, koma kucheza panja ambiri amavomera. Tenga kope ulembe mayina a makoleji amene akakutchulire ndi miyezi yomwe amatsatsa malo, ndipo ukawapeza atatanganidwa ufunse tsiku lomwe ungabwerenso.